Buya, Ntombi

Ngwe, ngwe, ngwe. Supuni inkagunda beseni katatu, kenako mawu a agogo ankatsatira, okoka ngati chiyambi cha nyimbo ya kutchalitchi: "Buuya, Ntombi, buya." Zinali choncho tsiku lililonse dzuwa likapendeka kwathu ku Kandeu. Agogo ankaima kuyang'ana kunthochi, kumene kumadutsa kanjira kopita kumanda, ndipo bulu wathu ankatulukira kumeneko makutu ali njo, n'kudzalowetsa mutu m'madeya. Ine ndinkakhala pakhonde n'kumaonerera. Kuonerera ndiyo ntchito imene ndakhala ndikuidziwa bwino chibadwire.

Mayi anga anamwalira ndisanayambe sukulu, bambo sindinawaonepo. Anandilera ndi agogo, ndipo pakhomo tinalipo atatu: iwo, ine ndi Ntombi. Buluyu sanakokepo ngolo. Ankasenza matumba a mpunga kumsana kuchokera kudambo, ndi chimanga popita kuchigayo. Chichewa sankachimva. Agogo anamuphunzitsa ndi mawu amene agogo aamuna ankayendetsera ng'ombe zawo, mawu a kumigodi ku Joni kumene anapita ulendo wachitatu osabwerakonso. Ukati "hamba" ankanyamuka. Ukati "gashe" ankayenda pang'onopang'ono potsetsereka. Ukati "buya" ankabwera. Ukamuuza kuti "tiye" ankangokuyang'ana ngati wamufunsa nthawi.

Agogo atamwalira, sipanathe mwezi amalume a Yotamu anabwera ndi munthu wa ku Nsipe wogula ziweto. Ndinali ndi zaka makumi awiri ndi zitatu, ndevu zilipo, koma sindinatsutse. Wogulayo akumanga chingwe anandifunsa: "Achimwene, ameneyu amamva? Palibe chimene ndiyenera kudziwa?" Ndinapukusa mutu. Mumtima ndinkati akapanda kudziwa mawu atatu aja Ntombi sadzasuntha, adzatopa naye n'kumubweza. Ndinasunga beseni ndi madeya, n'kumayang'ana kumsewu. Sanabwezedwe. Nditapita ku Nsipe anandiuza kuti anagulitsidwanso kale kwa anthu a kumtunda. Chimene sindinachiganize n'chakuti bulu akakana kuyenda, munthu safunsa mawu. Amathyola chikwapu.

Pamsika wa Kandeu nthawi zina pamabwera anthu a bungwe loteteza ziweto ku nkhanza. Amakhoma tenti pafupi ndi poimikapo ngolo, amatsuka zilonda za abulu, amabaya agalu jekeseni wa chiwewe, n'kumaphunzitsa anthu kusoka malamba ofewa odutsa pachifuwa. Amati goli ndi la ng'ombe chifukwa ili ndi linunda, bulu alibe, goli limamudya khosi. Ife kwathu, zidzukulu za oweta ng'ombe, chilichonse cha miyendo inayi timachiveka goli, chilonda chikatuluka timathirapo oyilo wakuda wa galimoto. Ndinaima pafupi ndi tentiyo masiku awiri a msika ndisanalankhule. Tsiku lachitatu mayi wina wa m'gululo, Mayi Kamwendo, anandifunsa ngati ndikudikira jekeseni wa chiwewe nanenso. Ndinawafotokozera za Ntombi: wamkazi, woyera pakamwa, khutu lakumanja linang'ambika kunsonga ndi waya. Analemba nambala yanga kuseri kwa buku lawo, koma sanandilonjeze kanthu.

Patapita miyezi isanu ndi iwiri, Lachinayi masana ndikuchokera kudambo, foni inalira.

"A Filimoni? Ndine Mayi Kamwendo a kuziweto aja. Tili ndi bulu wamkazi kuno ku Lilongwe, khutu lake ndi lomwe munanena lija. Tinamupeza akukoka njerwa, khosi lonse lili chilonda. Mwini wake watisiyira, akuti ndi wamwano, samva ngakhale umumenye chotani. Chilondacho tikuchiza, koma sakudya, masiku anayi tsopano. Adokotala abwera mawa folo koloko. Akapeza zili chimodzimodzi amugoneka tulo tosadzukanso kuti asavutike. Ngati ndi wanu, bwerani."

Ku Lilongwe ndinali ndisanapiteko. Kutali kwanga kunali ku Boma.

Ndinanyamuka Lachisanu kukungoyera, nditamanga beseni kumsana ndi chitenje cha agogo, supuni m'thumba la malaya, jumbo la madeya m'manja. Kunali kutagwa mvula, ndipo wa kabaza yamoto amene ndinamupeza anati tiyenda koma matope sakuwalonjeza. Tinatsika katatu n'kumakankha. Pamtsinje wina madzi anali akudutsa pamwamba pa kamlatho, tinakhala pamwala kudikira kuti aphwe, pamodzi ndi amayi awiri opita kusikelo ndi bambo wina wa njinga ya makala. Palibe amene anali ndi changu kupatula ine, ndipo ine sindinanene. Titawoloka, beseni linkagunda chitsulo cha kumbuyo kwa njinga pa bampu iliyonse. Wa kabaza anakuwa osacheuka: "Achimwene, ku Lilongwe mabeseni anatha?"

Tinafika pa Boma cha m'ma eyiti. Minibasi ya ku Lilongwe inkaoneka kuti yatsala anthu awiri kuti idzaze, ndipo kondakitala anandikoka dzanja akuti tanyamuka kale. Nditakhala kumpando wakumbuyo ndinayamba kuona kuti munthu mmodzi akakwera, wina amatsika mwakachetechete n'kukagula chimanga chootcha. Anali ongokhalira mipando kuti galimoto ioneke yodzaza. Injini ankailiza n'kuizimitsa, kuiliza n'kuizimitsa. Mtengo nawo unali utakwera poyerekeza ndi umene anandiuza kumudzi, akuti mafuta avuta. Tinakhala pamenepo maola awiri. Chomalizira kukwera chinali mbuzi zitatu za bambo wina wa geni, zomangidwa miyendo yonse inayi pamodzi. Anazikankhira kubuti, pansi pa mpando wathu, n'kutseka chitseko ndi bondo.

Pafupi nane panali mkulu wina wa chipewa chotuwa, a Maganga, amene ankapita ku Dedza kwa mwana wawo. Kutsogolo kwathu kunali mayi wa chitenje cha Mvano amene mawu ake ankamveka galimoto yonse.

"Beseni limenelo lilipira mpando," anatero kondakitala.

"Likhala pamiyendo panga."

"Mukupita nalo kuti, kuukwati?"

"Kuchipatala."

Mayi wa Mvano anatembenuka nkhope itagwa. "Pepani bambo. Akudwala ndani?"

Ndikanatha kunama. Ndinati, "Bulu."

Galimoto yonse inaphulika ndi kuseka.

"Ali wodi iti, ya amayi kapena ya abambo?"

"Mwamutengera mabanzi?"

"Musiyeni munthu, ndi gadiyani ameneyu," anatero mayi uja akupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje. "A gadiyani, mukagona pansi pa bedi lake?"

Kuyambira pamenepo dzina langa linali a gadiyani. A Maganga okha sanaseke kwambiri. Anangoyang'ana beseni lija, lopindika mbali imodzi, n'kubwezera maso kuwindo.

Titadutsa Mlangeni, tisanafike pa Lizulu, tayala lakumbuyo linaphulika. Dalaivala anaigwira bwino, tinaima m'mbali mwa msewu. Kuti atulutse sipeya anayenera kutsegula buti, ndipo sipeyayo anapezeka kuti nayo ilibe mpweya. Kondakitala anaimitsa njinga yakapalasa, anakhala kumbuyo atakumbatira tayala ngati mwana, n'kulowera ku Lizulu. Dalaivala anati mphindi makumi awiri basi. Amene amayenda msewuwu kawirikawiri anayala zitenje pansi pa mtengo n'kuvula nsapato.

Pamalo amenewo msewu ndiwo malire. Kuwoloka tala kupita kumanzere ndiye kuti uli ku Mozambique. Amuna ankawoloka mmodzimmodzi kukataya madzi kuseri kwa tchire, ndipo mayi wa Mvano ankafunsa aliyense pobwera ngati amudindira pasipoti. Ine ndinkayang'ana dzuwa. Linali litafika paliwombo.

Nditapita kukatenga jumbo langa pansi pa mpando, ndinapeza lapepuka. Mbuzi imodzi inali italowetsa mutu pakati pa zitsulo, kuboola jumbo n'kudya madeya a Ntombi kuyambira pa Boma. Anatsala okwana manja awiri okha. Ndinaima pamenepo ndili ndi jumbo lobooka, mbuziyo ikundiyang'ana, madeya ali mbuu pamphuno. Sindinathe kuikwiyira. Buti inali yotentha ngati uvuni, zonse zitatu zinkapuma wefuwefu malilime ali panja, ndipo chingwe cha nayiloni chinali chitalowa m'khungu la miyendo. Ndinaziyang'ana nthawi yaitali, monga ndimachitira. Kenako ndinapita kumene mwini wake anakhala.

"Bambo, mbuzi zija zitsike zipume."

Mawu anatuluka pang'ono, moti anati ndibwereze. Ndinabwereza.

"Zikukaphedwa mawa zimenezo, a gadiyani. Zipumiranji?"

"Mawa ndi mawa," anayankha mayi wa Mvano m'malo mwanga. "Inunso tsiku lina mudzafa, nanga bwanji mwakhala pamthunzi? Kamasuleni ziweto, bambo inu."

Anthu anaseka, ndipo bamboyo ananyamuka akung'ung'udza kuti masiku ano mbuzi zili ndi maloya. Tinazitsitsa, tinamasula miyendo n'kuzimangirira m'khosi pamtengo. Imodzi inagwa kawiri isanathe kuima. Ndinatenga beseni la agogo n'kukatunga madzi pamjigo wa mudzi wapafupi. Zinamwa mpaka beseni linalira pansi.

A Maganga anandikodola kuti ndikhale nawo pamuzu. Anandifunsa za buluyo, ndipo pakuti sanali kuseka ndinawauza zonse, ngakhale zoti ndinabisa mawu. Sindinali nditauzapo munthu.

"Mawu ake ndi ati?"

"Hamba. Gashe. Buya."

Mkuluyo anavula chipewa. "Mwawatenga kuti amenewo, mwana wanga? Ine ndakhala pansi pa nthaka kumigodi ku Joni zaka zisanu ndi zinayi ndi mawu amenewo. Si gashe ayi, lilime lipite m'mbali, gashle. Tinkauzana choncho mwala ukamalira pamwamba." Anayeseza kawiri, akumwetulira yekha. "Nanga buya ndiye kuti chiyani, mukudziwa?"

"Bwera udye."

"Anakuuzani choncho agogo anu?"

"Ayi. Ndinkangoona."

"Buya ndi bwerera. Amauza munthu amene anachoka pakhomo. Kalata ikabwera kukomponi, kumene tinkagona, kuchokera kumudzi, anzathu a kumeneko ankatiseka tisanaitsegule n'komwe, amvekere buya, buya, akazi ako akulira. Ena tinabwerera. Ena anatchona." Anatembenukira kwa ine. "Dzina la buluyo mwati ndani?"

"Ntombi."

"Ntombi ndiye kuti mwana wamkazi. Agogo anu anali ndi ana aakazi angati?"

"Mmodzi. Mayi anga."

Anavala chipewa chawo n'kuyamba kusenda nzimbe. Ine m'maganizo ndinaona agogo ataima ndi supuni, nsana ali kwa ine, nkhope kunthochi ndi kanjira ka kumanda kaja. Zaka zonsezo ndinkati ndimaona chilichonse pakhomo paja. Ndinkamva mawu amenewo tsiku ndi tsiku ndili pakhonde, mapazi awiri kuchokera pamene anaima, ndipo sindinadzukepo kukaima pambali pawo.

Tayala linabwera wani koloko itadutsa, osati panjinga koma pangolo ya abulu awiri yonyamula kabichi, kondakitala atakhala pamwamba ngati mkwati. Ndinayamba ndayang'ana makosi a abuluwo. Analibe goli. Anali ndi malamba otambalala a chiguduli, okutidwa ndi bulangete lakale, odutsa pachifuwa. Pakhosi pa mmodzi panali chipsera chakale chopanda ubweya, koma chouma. Mwini ngolo ataona ndikuyang'anitsitsa anamenya lambalo ndi chikhatho.

"Aja a tenti anatiphunzitsa. Ndinakana chaka chathunthu, ndinkati bulu wa Mngoni avale malaya? Pano akukwera chitunda ichi osaima."

Pokweza mbuzi, mayi wa Mvano anaimirira pomwepo mpaka mwini wake anazimanga miyendo iwiriiwiri ndi nsalu, buti n'kuisiya yotsegula pang'ono.

Pa Lizulu tinaimanso kuti anthu agule mbatata ya kachewere ndi kabichi. Ogulitsa ankalowetsa mbale pawindo mpaka pamphuno. Ndinkafuna kukuwa kuti tiyeni, koma mawu anga a tsikulo ndinali ngati ndawathera pambuzi. Pa rodibuloko ya ku Dedza anafunsa chikalata choyendera ndi ziweto. Bambo wa geni anafufuza m'matumba onse, m'chipewa ndi m'sokosi, kenako anati chili kwa mlamu wake. Anakambirana theka la ola, mapeto ake anatsika pomwepo ndi mbuzi zake. Imene inadya madeya inatsika ikutafunabe.

A Maganga anatsikira pa Dedza. Atatulutsa kathumba kawo anabwerera pawindo langa.

"Mukakafika musakanong'one ayi. Mawu amenewo ndi oitanira munthu amene ali kutali."

Kuchokera pamenepo sindinaone zambiri. Pa Chimbiya dalaivala anatsika kukagula kanyenya, anthu n'kumuimbira hutala yake yomwe. Pa Nathenje inali itakwana hafu pasiti fili, foni yanga itatsala kamzere kamodzi. Ndinaimbira Mayi Kamwendo.

"Adokotala afika kale," anatero. "Ndiwapempha ayambe aona agalu. Agalu alipo ambiri, koma satha tsiku lonse. Muli pati?"

Ndisanayankhe foni inazima.

Mumzinda galimoto zinali zitathithikana kuyambira kutali ndi depoti. Mayi wa Mvano ndiye anandiuza kuti nditsike pomwepo, anaitana yekha wa njinga yamoto, n'kumuwerengera malo amene ndinalemba pachikhatho. "Muthamange naye uyu, ali ndi matenda," anamuuza, osaseka. Kwa ine anati, "Mukam'patse moni wodwalayo, a gadiyani."

Malo a bungwelo ali kunja kwa mzinda, kuseri kwa mpanda wa njerwa. Ndinalowa faifi koloko itatsala pang'ono. Agalu ankauwa mbali zonse. Mayi Kamwendo anandizindikira ndi beseni, sanataye nthawi ndi moni, ananditsogolera kumakola a kumapeto. Adokotala anali atafika kale kumeneko, bambo wamfupi wa magalasi, chikwama chawo chili chotsegula pamwamba pa mgolo.

Ntombi anali ataima pakona, mutu ataulozetsa kukhoma. Ndikanakumana naye pamsewu sindikanamudziwa. Nthiti zinkawerengeka, m'matako munali mizeremizere ya zikwapu, khosi lonse linali lopakidwa mankhwala ofiirira. Udzu wauwisi unali mulu pambali pake, wosakhudzidwa. Khutu lokha ndilo linali lake.

"Ntombi," ndinatero.

Sanagwedezeke. Adokotala anayang'ana wotchi yawo, kenako anayang'ana Mayi Kamwendo.

Ndinakhuthulira madeya otsala aja m'beseni. Sanakwane n'kuphimba pansi pomwe. Ndinatulutsa supuni. Ngwe, ngwe, ngwe. Agalu anasiya kuuwa kanthawi. Ndinatsegula pakamwa, mawu anatuluka osweka, ang'onoang'ono, ngati a munthu wopempha njira. Adokotala ndi Mayi Kamwendo ankandiyang'ana, ndipo ine chibadwire sindinakuwepo pagulu. Ndinatseka maso, ndinagundanso katatu, n'kukoka mawu kuchokera m'mimba monga ankachitira agogo, mpaka anakamveka kuseri kwa mpanda.

"Buuya, Ntombi, buya!"

Khutu long'ambika lija linatembenuka lokha, thupi lonse lili chiimire. Kenako linzake. Anabweza mutu pang'onopang'ono chifukwa cha chilonda, ndipo sanayang'ane ine. Anayang'ana kumbuyo kwanga, kuchipata, nthawi yaitali ndithu. Nanenso ndinatsala pang'ono kucheuka.

Anayenda mapazi asanu ndi limodzi amene anali pakati pathu, akukoka mwendo wakumbuyo. Ananunkhiza chitenje chimene ndinamangira beseni, ananunkhiza dzanja langa, kenako analowetsa mutu. Ndinamva milomo yake ikukwecha chitsulo. Atamaliza ananyambita beseni mpaka linagwa m'manja mwanga, n'kutembenukira kuudzu uja, kuzula pang'ono, n'kuyamba kutafuna ngati akuganiza zina.

Adokotala anamuyang'ana mphindi zingapo, anamugwira pamimba, anamutsegula chikope. Kenako anatseka chikwama. "Tidzaonenso Lolemba. Madeya musamupatse ambiri nthawi imodzi." Anapita.

Tinatsala awiri ndi Mayi Kamwendo, titatsamira mpanda wa khola.

"Si wamwano," ndinawauza. "Samva Chichewa. Wogula uja anandifunsa, ine ndinkadziwa, sindinanene."

Anandiyang'ana, anayang'ana mizere ya m'matako ija. Sananene kuti palibe kanthu.

"Mawuwo mutilembera pachitseko apa ndi choko, onse, ndi matanthauzo ake. Aliyense wolowa muno aziwadziwa."

"Kumudzi angabwerere?"

"Khosi lipole kaye, ndi miyezi imeneyo. Inunso muphunzire kusoka chotandika cha pamsana, tidzabwere tidzaone khola lanu, ndipo amalume anuwo adzamve kwa ife kuti buluyu sagulitsidwanso. Zikatero tidzakambirana. Muli ndi kogona kuno?"

Ndinapukusa mutu, kenako ndinakumbukira n'kuyankha ndi pakamwa. "Ayi, ndilibe."

"Alonda ali ndi kachipinda, ndikawauza. Mpunga wanu kumudzi alipo okuyang'anirani mpaka Lolemba?"

"Udikira."

Analowa m'kanyumba kosungiramo zipangizo n'kutulukamo ndi chingwe chofewa cha thonje. Anachimanga okha kumutu kwa Ntombi, mosamala kuti chisakhudze khosi.

"Miyendo yatupa chifukwa choima malo amodzi. Ayende pang'ono, kuzungulira bwaloli kawiri dzuwa lisanalowe. Ife amatikanira."

Anandiika nsonga ya chingwe m'dzanja, anatola ndowa yawo, n'kulowera kumakola a agalu.